Wakuuza ndani? Za mafilimu, mabuku ndi magemu amene tikucheza nawo pakhomo



Phunziro la sabata ino likukhudza zinthu zimene tonse timachita madzulo koma sitizitchula tikakumana pa mzikiti: mafilimu a pa memore, masizoni amene amatigoneka mochedwa, magemu a pa foni, ndi mabuku kwa ochepa amene akuwerengabe. Amene mwaganiza kale kuti ndabwera kudzakulandani foni, mtima m'malo. Mu Sahih Bukhari ndi Sahih Muslim muli nkhani yoti mayi Aisha (RA) anaonerera anthu a ku Habasha akusewera ndi mikondo mu mzikiti wa ku Madina, Mtumiki (SAW) ataima nawo pomwepo, mpaka mayiwo anatopa okha. Mwa Abu Dawud muli ina yoti awiriwa anapikisanapo liwiro. Ndiye zoti munthu angathe kusangalala zinayankhidwa kalekale. Funso langa ndi lina: chimene mukuoneracho chadutsa m'manja mwa ndani chisanakufikeni?

Kuno kwathu kwa Kanduku, ku Mwanza, filimu imayenda ulendo wautali. Ndi ochepa amene amaonera pa intaneti mwachindunji, chifukwa bandulo ya sizoni imodzi ikhoza kudya phindu la dengu lonse la manachesi. Ambirife timatenga memore kupita nayo kwa anyamata obena pa msika, kapena timalandira kwa mnzathu pa Xender. Ena amabwera nawo kuchokera ku Zobue, olankhula Chipwitikizi, ndipo enafe timangotsatira zibakera poti mawu sitikumva. Madzulo, magetsi akakhalapo kapena batire la sola likakhuta, banja lonse limaunjikana pa skirini imodzi. Ndipo mukatsegula memore yanu pompano, ndikhulupirira kuti mafilimu ambiri mmenemo ali ndi mawu a DJ pamwamba pake.

Munthu ameneyu timuyang'ane bwino, pakuti phunziro lonse lagona pa iye. Filimu anaipanga ku Mumbai, ku Lagos kapena ku Hong Kong. Mnyamata wina m'tauni anakhala pansi ndi kompyuta ndi maikolofoni, n'kumatsitsa mawu a eni filimu, n'kumaika ake. Amalankhulira mfumu, mkazi wa mfumu, wantchito, ngakhale galu amene. Mzinda wa ku India amautcha Ndirande. Msilikali wa ku China akamakalipa, iye amati akufunsa ngongole ya banki m'khonde. Timaseka mpaka nthiti kuwawa, ndipo ine luso limeneli ndimalipatsa ulemu, chifukwa agogo amene sanaponde m'kalasi akutha kutsatira nkhani ya maola awiri. Si ife tokha ayi. Ku Kenya kuli DJ Afro, ku Tanzania kunali malemu Lufufu, ku Uganda amawatcha ma VJ, ndipo ku Japan, kale mafilimu asanayambe kutulutsa mawu, kunali anthu otchedwa benshi amene ankaima pambali pa chinsalu n'kumafotokozera oonera nkhani yonse.

Koma tadzifunsani: DJ uja Chihindi amachimva? Nanga Chikoreya? Ambiri amatsatira mawu a Chingerezi olembedwa m'munsi aja, ndipo pomwe palibe amangoyang'ana nkhope n'kupeka. Ndiye nkhani yachoka kwa wolemba, yapita kwa wojambula, kwa amene anaimasulira m'Chingerezi, kwa DJ, kenako kwa inu. Anthu anayi, aliyense ndi dzanja lake. Ubwino wa DJ ndi woti sabisala. Mawu ake timawamva, dzina lake amalitchula kakhumi, mwina ndi nambala yake yomwe imayenda pa skirini. Mwana aliyense amadziwa kuti pali munthu pakati. Amene ndikufuna tikambirane lero ndi ma DJ amene mawu awo samveka.

Pa nkhani imeneyi Asilamu tinachita mwayi, chifukwa maphunziro athu anamangidwa pa funso loti wakuuza ndani. Amene munadutsa ku madrasa mukukumbukira kuti hadith ili ndi mbali ziwiri. Pali matn, omwe ndi mawu enieniwo, ndiye pali sanad, womwe ndi mndandanda wa anthu amene anapatsirana mawuwo kuchokera kwa Mtumiki (SAW) kufika kwa amene anawalemba m'buku. Imam Bukhari, amene anabadwira ku Bukhara m'chaka cha 810 n'kumwalira mu 870, anatha zaka 16 akusefa ma hadith a m'buku lake. Ma ulama a ntchito imeneyi ankafufuza munthu aliyense wa mu mndandandamo. Anabadwa liti? Anakumanadi ndi amene akuti anamva kwa iyeyo? Ankaiwalaiwala? Anagwidwapo bodza? Muhammad ibn Sirin wa ku Basra, amene anamwalira m'chaka cha 110 Hijri, ankachenjeza anthu kuti aziyang'anitsitsa amene akuwapatsa maphunziro a dini. Ndipo ayah 6 ya Surat Al-Hujurat ikutilamula kufufuza nkhani imene yabwera ndi munthu wosadalirika tisanachitepo kanthu.

Patapita zaka mazana angapo, Ibn Khaldun, amene anabadwira ku Tunis mu 1332, anawonjezera sefa yachiwiri m'buku lake la Muqaddimah. Iye anadandaula kuti olemba mbiri amangomeza manambala ndi nkhani osaziyeza ndi mmene dziko limayendera. Ukamva kuti gulu la nkhondo linali la anthu mazanamazana a zikwi, dzifunse kuti ankadya chiyani, anaima pati, mtsogoleri ankawalamula bwanji. Sefa ziwiri ndi zimenezo: wabweretsa ndani, ndipo kodi zimene wabweretsazo zingachitikedi. Sindikunena kuti filimu ndi hadith, Astaghfirullah. Ndikunena kuti lichero limene anatisiyira akuluakuluwa likhoza kupetanso za pa memore.

Tiyambe ndi ya kwathu konkuno. Mwezi wathawu tinabwereza kunyumba The Boy Who Harnessed the Wind, filimu ya mu 2019 imene Chiwetel Ejiofor anaitsogolera n'kusewanso ngati bambo ake a William Kamkwamba. Anaijambulira kuno ku Malawi, ndipo mbali yaikulu amalankhula Chichewa. Chichewa chakecho, eee, mayi anga anaseka mpaka misozi, poti Ejiofor ndi wa ku Britain ndipo mnyamata amene anasewera ngati William, Maxwell Simba, ndi wa ku Kenya. Koma itafika njala ya 2001 ndi 2002 kuseka kunatha m'nyumba monse. Akuluakulu amene anaiona njala imeneyo ndi maso anangoti chete. Filimuyi ndi yabwino, ndipo amene simunaione ipezeni.

Imathera pokoma: makina a mphepo azungulira, pampu yakoka madzi pachitsime, madzi alowa m'munda, mudzi wapulumuka. Tsopano tsegulani buku la mutu womwewo, limene William analemba ndi Bryan Mealer mu 2009. Mmenemo mupeza kuti makina oyamba amene anamanga m'mudzi wa Masitala ku Wimbe, m'boma la Kasungu, ndi mitengo ya bulugamu, njinga ya bambo ake, fani ya thirakitala ndi dainamo, anayatsa babu. Pambuyo pake anayatsa mababu angapo ndi mawailesi, ndipo anthu ankabwera kudzatchajitsa mafoni. Pamene makinawo ankazungulira n'kuti njala ija itadutsa kale. Madzi anabwera patapita zaka, nyuzipepala italemba za iye mu 2006, atakalankhula ku msonkhano wa TED ku Arusha mu 2007, anthu akufuna kwabwino n'kumuthandiza. M'bukumo mulinso zimene filimu inazisiya, monga zoti mvula itavutanso ena ankaloza makina ake kuti ndi aufiti, akuthamangitsa mitambo.

Ejiofor sananame mwa njiru. Anali ndi maola awiri, ndipo filimu imafuna mathero oti anthu atuluke akupukuta misozi ya chimwemwe. Anatenga zaka zingapo n'kuzifinyira mu nyengo imodzi. Koma apa sefa ya Ibn Khaldun ikanakuthandizani ngakhale buku musanaliwerenge. Aliyense amene anapalasapo njinga ya dainamo usiku amadziwa kuwala kumene kachipangizo kaja kamatulutsa. N'kothirira munda kumeneko? Kwa ine nkhani ya m'buku ndiyo yolimbikitsa kwambiri mnyamata wa kwa Kanduku, chifukwa ikusonyeza munthu amene anayamba ndi babu limodzi, anthu akumutcha wamisala, n'kudikira zaka kuti dziko limuone.

Tsopano tifike pa imene yatenga mitima ya ambiri pa tsamba lino, Diriliş: Ertuğrul. Ena munaionera pa Azam TV ikulankhula Chiswahili, ena pa YouTube, enafe pa memore. Miyezi yozizira yapitayi ine ndinamaliza sizoni yachiwiri, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake imakoka. Takula tikuonera mafilimu amene Msilamu akatulukira ndiye kuti wanyamula bomba. Muno munthu wamphamvu amachita wudhu, amaswali, amapsompsona dzanja la mayi ake, amati Bismillah asanadye. Akazi avala modzilemekeza ndipo ali ndi mawu pa bwalo. Ukhoza kuonera ndi apongozi osafunafuna rimoti. Kuno ku Mwanza, kumene Asilamu tili ochepa, ndaonapo anzathu a zipembedzo zina akuikonda n'kuyamba kufunsa mafunso abwino za Chisilamu. Zimenezi si zazing'ono.

Koma sanad wake ndi wotani? Filimuyi anaiyambitsa ndi Mehmet Bozdağ, ndipo inaonetsedwa pa TRT 1, kanema wa boma la Turkey, kuyambira 2014 mpaka 2019. Ili ndi masizoni 5, magawo 150, gawo lililonse pafupifupi maola awiri. Tawerengani nokha: ndi maola oyandikira 300. Mutamaonera ola limodzi tsiku lililonse osadumphitsa, mutha miyezi khumi. Nanga za Ertuğrul weniweniyo zimene olemba mbiri amagwirizana n'zochuluka bwanji? Mukhoza kuzilemba pa tsamba limodzi la kope. Anali bambo ake a Osman, amene anayambitsa ufumu wa Ottoman. Pali ndalama yachitsulo ya nthawi ya Osman imene imamutchula kuti mwana wa Ertuğrul. Anamwalira cha m'ma 1280, ndipo manda ake ali ku Söğüt. Mabuku a mbiri ya ufumuwu amene amafotokoza za moyo wake analembedwa patadutsa zaka zoposa 100 iye atamwalira, ndipo sagwirizana ngakhale pa dzina la bambo ake: ena akuti Süleyman Şah, ena akuti Gündüz Alp. Tsamba limodzi latambasulidwa kukhala maola 300. Zotsalazo ndi za DJ amene mawu ake simukuwamva.

Pamene ndikufuna titsegule maso kwambiri ndi pa Ibn Arabi, nkhalamba ya ndevu zoyera imene imatulukira nthawi iliyonse Ertuğrul akapanikizika. Ibn Arabi analipodi. Anabadwira ku Murcia, ku Spain ya lero, mu 1165, anakhalapo ku Anatolia zaka zingapo, n'kumwalira ku Damascus mu 1240. Koma palibe umboni woti anakumanapo ndi Ertuğrul. Mawu okoma amene amalankhula mu filimumo anakonza ndi olemba sewero. Ndiye taonani zimene zikuchitika pa masitetasi a WhatsApp: chithunzi cha wosewera uja, mawu m'munsi, ndi dzina la Ibn Arabi ngati kuti zachokera m'buku lake. Choopsa kuposa apo, mu filimumo mumakambidwa nkhani za aneneri ndi za maswahaba, ndipo ena akuzitola pomwepo n'kuzitumiza m'magulu atalemba kuti Mtumiki (SAW) anati. Zina mwa izo zikhoza kukhala zoona, koma mwadziwa bwanji? Chenjezo la amene amamunamizira Mtumiki (SAW) mawu ndi limodzi mwa ma hadith amene anadza m'njira zambiri zedi, ndipo chilango chake mukuchidziwa. Musanatumize, afunseni a sheikh, kapena pezani buku limene nkhaniyo ili.

Dziwaninso kuti maboma amaiona filimu imeneyi ngati chida. Ku Pakistan, Imran Khan ali nduna yaikulu analimbikitsa kuti imasuliridwe m'Chiurdu, ndipo inayamba kuonetsedwa pa PTV mu Ramadhan ya 2020. Chaka chomwecho, Dar al-Ifta ya ku Egypt inachenjeza anthu kuti mafilimu oterewa ndi njira imene Turkey ikufalitsira mphamvu zake. Uku akuti onerani, uku akuti samalani, onsewo Asilamu. Ine sindikuuzani mbali yoti muime. Ndikungoti mukamaona kuti mu filimu monse olungama ndi a fuko limodzi ndipo achinyengo ndi a mafuko ena, kumbukirani amene analipira makamera. Ndipo makolo, malupanga aja ndi mitu yodulidwa ija si za mwana wa sitandade 2, ngakhale wodulayo atanena Allahu Akbar.

Pali filimu ina yakale imene imabwerera pa memore chaka chilichonse Ramadhan ikayandikira, The Message ya mu 1976. Anaipanga ndi Moustapha Akkad, wobadwira ku Aleppo, ndipo anaijambula kawiri nthawi imodzi, ya Chingerezi ndi ya Chiarabu, ndi osewera osiyana, ku Morocco ndi ku Libya. Munthuyu anasamala kwambiri. Mtumiki (SAW) saoneka ndipo mawu ake samveka. Anthu akamalankhula naye amayang'ana kamera. Abu Bakr, Umar, Uthman ndi Ali (RA) nawonso saoneka, kupatula nsonga ya lupanga la Ali pa nkhondo ya Badr. Ulemu umenewu ndi woyamikika, koma uli ndi mtengo wake. Poti akuluakulu anayiwo palibe, katundu yense wa nkhani anamusenzetsa Hamza (RA), amene anaseweredwa ndi Anthony Quinn. Munthu amene seerah anaiphunzira mu filimuyi mokha amatuluka akuganiza kuti Hamza ndiye ankatsogolera chilichonse, ndipo Abu Bakr samudziwa n'komwe. Palibe bodza limene lanenedwa, koma chithunzi chapendekeka chifukwa cha zimene zasiyidwa. Mu 2012 ena anayesa njira ina ndi sizoni ya Omar, imene anaitsogolera Hatem Ali wa ku Syria. Iwo anaonetsa nkhope za makhalifa onse anayi. Ma ulama anagawanika: a ku Al-Azhar anakana, pamene ena monga Sheikh Yusuf al-Qaradawi anali m'gulu lounika nkhani yake. Amene munaionera mukudziwa vuto lake: lero mukamva dzina la Umar (RA), m'mutu mumabwera nkhope ya wosewera.

Mwina wina afunsa kuti nanga buku lilibe dzanja la munthu? Lili nalo ndithu. Wolemba amasankha choika ndi chosiya. Kusiyana kwake n'koti buku labwino limaonetsa kumene latenga. Tengani Ar-Raheeq Al-Makhtum la Sheikh Safiur Rahman Mubarakpuri wa ku India, limene linapambana mpikisano wa mabuku a seerah wa Muslim World League kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. M'munsi mwa masamba ake muli timanambala tokuuzani kuti iyi yachokera kwa Ibn Hisham, iyi kwa Bukhari, ndipo pomwe olemba mbiri asemphana iye amanena. Mukhoza kumutsatira, mukhoza kumutsutsa. Filimu ilibe timanambala timeneti. Ndipo buku lonselo pa foni limatenga malo ochepa kuposa gawo limodzi la Ertuğrul, ndiye dandaulo la bandulo apa siligwira.

Ku magemu ndiye munthu wa pakati uja amabisala kwambiri, chifukwa umaona ngati ukuyendetsa zonse ndiwe. Chala ndi chako, timu ndi yako, chigoli ndi chako. Ine madzulo ena ndimamenya Dream League Soccer ndi mng'ono wanga, ndipo amandigoletsa mopanda ulemu. Ena muli pa eFootball, ena pa Free Fire, alongo ambiri pa Ludo King ndi Candy Crush. Onsewa mumawatsitsa ulere. Ndiye kampani imene yalemba ntchito anthu ambirimbiri imadya chiyani? Imadya nthawi yanu, kudzera mu zotsatsa malonda zimene mumaonera kuti mupeze makoini, ndi ndalama za amene amatopa kudikira n'kugula. N'chifukwa chake pali mphatso ya tsiku ndi tsiku imene imakula ukamabwera osadumphitsa. N'chifukwa chake gemu ikatha, batani loyambira ina limakhala lalikulu pakati pa skirini. Mpira wa pa intaneti suimitsidwa. Ukautuluka pakati wagonja. Adhana ya Maghrib ikamveka uli pa mphindi ya 60, amene anakonza gemuyo anakuikira kale chilango choyankhira. Sanaganize za Maghrib, n'zoona, koma anaganiza zoti usachoke.

Yerekezani ndi bawo pansi pa mtengo wa mango. Palibe amene amapindula ukakhalitsa, ndipo dzuwa likalowa njombwa sizioneka, gemu yatha yokha.

Mayiko ena analiona dzanja limeneli n'kuchitapo kanthu. Mu 2018 dziko la Belgium linagamula kuti timabokosi togula ndi ndalama osadziwa chimene chili mkati, monga mapaketi a osewera mu FIFA, ndi njuga, ndipo kumayambiriro kwa 2019 kampani ya EA inasiya kugulitsa mapointi ake m'dzikomo. China mu 2021 inalamula kuti ana osakwana zaka 18 azisewera magemu a pa intaneti ola limodzi lokha Lachisanu, Loweruka ndi Lamlungu, kuyambira 8 mpaka 9 koloko usiku. Bungwe la WHO linaika vuto la magemu pa mndandanda wa matenda, ICD-11, umene unayamba kugwira ntchito mu Januwale 2022. Silinanene kuti aliyense wosewera ndi wodwala. Zizindikiro zake ndi zoti munthu akulephera kudziletsa, gemu yaposa sukulu, ntchito ndi abale, ndipo akupitirizabe ngakhale akuona kuti zikumuwononga, kwa miyezi 12 kapena kuposa. Komanso dzanja limeneli limamva anthu akalankhula. Mu 2020 PUBG Mobile inaika gawo limene wosewera ankagwadira fano kuti apeze mphamvu. Asilamu a ku Kuwait, Saudi Arabia ndi kwina anadandaula, ambiri anaifufuta, ndipo eni ake anachotsa gawolo n'kupepesa.

Pali kena kamene kamakhala pa foni pafupi ndi magemu, kamaoneka ngati gemu, koma si gemu: kandege. Dzina lake lenileni ndi Aviator, ndipo anakapanga ndi kampani ya Spribe mu 2019. Eni akewo amanena poyera kuti pa K100 iliyonse imene anthu onse pamodzi aika, K97 ndiyo imabwerera kwa osewera. Zikumveka ngati zochepa zimene zikutsala, eti? Koma ulendo umodzi wa kandege ndi wa masekondi. Ukaika K1,000 maulendo 100 usiku umodzi, wazunguza K100,000, ndipo mwa masamu awo omwe K3,000 yatsala kwawo. Mawa chimodzimodzi. Palibe luso, palibe nthawi yabwino yosewerera, ndipo amene amagulitsa "masiginolo" pa WhatsApp akanakhala kuti amadziwadi pomwe kagwere sakanafuna K2,000 yanu. Apanso funsani sanad: chithunzi cha wopambana chija wakutumizirani ndani, ndipo mazana amene aluza tsiku lomwelo zithunzi zawo zili kuti? Pa ichi palibe kusiyana maganizo kwa ma ulama monga pa mafilimu. Ayah 90 ya Surat Al-Maida yaika njuga pamodzi ndi mowa, ndipo ayah 91 ikutchula zipatso zake: udani, chidani, ndi kutsekereza munthu kukumbukira Allah ndi swala. Amene munaonapo mnyamata atadya ndalama ya fetereza ya mayi ake pa kandege mukudziwa kuti udaniwo umayambira m'nyumba momwemo.

Ntchito ya sabata ino nayi. Pezani buku lililonse la seerah limene mungalipeze, la pepala kapena la pa foni, muwerenge mutu wa nkhondo ya Uhud ya chaka cha 3 Hijri. Mukatero onerani gawo la Uhud mu The Message, silitenga nthawi. Muyang'ane anthu 50 a mauta amene anaikidwa pa kaphiri motsogozedwa ndi Abdullah ibn Jubayr (RA), ndi mmene Khalid ibn Walid, amene nthawi imeneyo anali asanalowe Chisilamu, anazungulira kumbuyo. Muyang'ane Mus'ab ibn Umayr (RA) amene ananyamula mbendera, ndi mayi Nusaybah bint Ka'b (RA) amene anatenga lupanga kuteteza Mtumiki (SAW) anthu atabalalika. Mulembe kuti mwa amenewa filimu yaonetsa ati, yasiya ati, ndipo yawonjezera chiyani chimene m'buku mulibe. Mayankho mutipatse m'munsimu lisanafike tsiku la Jumu'ah, Insha Allah, ndipo aliyense atchule buku limene wawerenga ndi tsamba lake.